Ku Durban Kapena kwa a Velile

Munthu amene anagwirapo ntchito ya mumgodi sasiya kugogoda. A Symon anatuluka pansi komaliza chifuwa chitayamba kuwalirira ngati mwana wa mphaka, koma dzanja lawo silinamve kuti ntchito yatha. Akalowa m'nyumba ya munthu, ndodo yawo inkayamba yagogoda mtanda wa denga iwo asanakhale pansi. Kutchalitchi ankagogoda benchi, pokwera takisi ankagogoda chitseko. Ana a ku Seraleng, komboni kumene ankakhala, ankawatsanzira kumbuyo, eni ake osalabadira. Ndi mmene anawaphunzitsira ali mnyamata: usanaime pansi pa mwala, yamba waugogoda ndi mgwala, chitsulo chachitali chija, n'kumvetsera. Ukalira kuti nge, lowa ukagwire ntchito. Ukalira ngati ng'oma, bwerera, ana ako akukufunabe.

Chaka cha 1996 chinawakomera a Symon. Boma latsopano la ku Joni linalola anthu amene anakalambira m'migodi kuti akhazikike, ndipo iwo, amene kwawo ku Ntcheu anali atawerengedwa kale m'gulu la machona, anaitanitsa akazi awo. A Jestina anafika pa basi nyengo ya dzuwa, atanyamula sutikesi yabuluu ndi thumba la mtedza. Awiriwa anakwatirana ali achichepere, koma mukanati muphatikize masiku amene anagona nyumba imodzi, sakanafika ndi msinkhu wa mwana woyamba sukulu.

A Symon anakonzekera ngati kukubwera bishopu. Mkhukhu wawo, kanyumba ka malata, anaupaka penti, pansi anapolisha, pazenera anaikapo katani ya maluwa. Kuseri anatipula kadimba, ngakhale dothi la kumeneko ndi makande okhaokha, olimba ngati njerwa. Tsiku lachiwiri lomwe anawatengera mayiwo kuseriko.

“Nangozo, apa ndatipulako. Kaya tomato, kaya mpiru, muona ndinu.”

A Jestina anayang'ana dothilo, kenaka anayang'ana amuna awo.

“Mlendo ndi mame, bambo a Aida. Ndidzale kuti adzakolole ndani? Ine ndabwera kudzakuonani. Chaka Chatsopano chikangodutsa ndikubwerera, Aida sangathe munda yekha.”

Anayankhula mosakwiya, ndipo n'chimene chinapweteka kwambiri. Sutikesi yabuluu ija inakhala pakona zovala zili momwemo. Akachapa chitenje ankachipinda n'kuchibwezera mommo, kabati imene a Symon anagula ili yasaa.

Kupatula zimenezo, ankakhala bwino ndithu. Madzulo a Jestina ankakazinga mtedza, a Symon akuwafotokozera dzina la mgodi uliwonse umene unkaoneka chapatali. Mayiwo anaphunzira kunena kuti “Dumela mma” kwa Mma Dinah, Mtswana wa nyumba yoyandikana nayo, ndipo akalakwitsa ankaseka mpaka misozi. Chodandaula chawo chinali chimodzi, kabichi. Ankati dziko lonse la Joni, ndi magetsi ake onsewa, likulephera kupeza nkhwani wa mbale imodzi. A Symon ankamvetsera kudandaulako ngati nyimbo. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo ankati akatsokomola wina n'kufunsa kuti, “Mwamwa mankhwala?”

Tinene mosabisa: a Symon ankafuna akazi awo akhale. Iwo kubwerera ku Ntcheu sakanatha msanga, chifukwa mankhwala a chifuwa ankalandirira ku chipatala cha mgodi, penshoni nayo inkatulukira konkuno. Komanso kumudzi kuja anali mkamwini chabe, woti ngakhale njira ya kudambo ankachita kufunsa ana. Koma kuti atsegule pakamwa n'kunena kuti “Nangozo, musapite,” sizinkatheka. Munthu wokalambira mu hositelo ya amuna okhaokha amadziwa kugulira mkazi nsalu, koma kumupempha kanthu sadziwa.

Ndiye anaganiza za nyanja. Osati yathu ija, koma yamchere, imene iwo eni anali asanaionepo ngakhale anakhala ku Joni moyo wonse. Mumtima ankati mkazi akaona zodabwitsa za dziko lino, mwina sutikesi ija n'kutsegukako. Penshoni inali yopyapyala, yokwana ulendo umodzi basi, ndiponso wodzimana. Maulendo otero analipo awiri.

Woyamba unali wa Willard, mnyamata wa ku Zomba wa m'gulu lija linabwera dziko litangotseguka. Masana ankagwira maganyu a zomangamanga ku Kroondal, koma ikafika Disembala ankasanduka bwana wa maulendo. Ankabwereka basi n'kudzazamo Amalawi a ku Seraleng ndi ku Nkaneng, ulendo wa ku Durban, kumene eni ake amati Thekwini.

“Madala, Thekwini ndi Thekwini,” anatero Willard atawapeza pa sitolo. “Kogona musadandaule, basi yomweyo ndiye hotela. Kamba aliyense anyamula wake. Mayi akakaona nyumba zosanja zija, magetsi, sitima zapamadzi zazikulu kuposa tchalitchi, mukajambulitsa chithunzi pa bichi, shapu! Ku Ntcheu akakuimbirani nyimbo.”

Wachiwiri unali wa a Velile, Mpondo wa kufupi ndi Port St Johns. Iwowa ndi a Symon anagwira makina amodzi obowolera mwala kwa zaka zambiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndipo ankamvana ndi maso okha. A Velile anali akadali pantchito. Disembala iliyonse ankakwera basi ya anthu a mumgodi kupita kwawo, ndipo Disembala iliyonse ankanena mawu omwewo m'Chifanakalo, chinenero chawo cha kumgodi chija: “Tiye kwathu, Symon. Nyanja ili pakhomo, kogona ndi chakudya n'zaulere, iwe ulipira basi yokha.” A Symon ankangoseka, n'kutsala mu hositelo yopanda anthu pamodzi ndi machona anzawo.

Tsopano kugogoda kunayambika. A Symon anafunsa woyendetsa takisi wa ku Boitekong, amene anati ku Durban akuba amakuvula nsapato uli chiimire. Anafunsa mbusa, amene anati ku Durban kuli bwino koma atsikana a kumeneko savala mokwanira. Anafunsa Msutu wina wometa, amene anati msewu wa kwa Amampondo ndi wokhotakhota moti ngakhale mbuzi imasanza. Anafunsa Mma Dinah, amene anati, “Ntate, kumudzi mukatengeko chiyani? Mkazi wachokera kumudzi, inu mukamuonetsenso mudzi?” Mawu amenewo anawalowa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma a Symon anafunsa mpaka anthu anayamba kukhotera njira ina akawaona.

Mtima wawo unkapendekera ku Durban. Kwa a Velile kunali kotchipa, inde, komanso kogona pabedi osati pampando wa basi. Koma kumeneko kunali minda, ng'ombe, utsi wa nkhuni. Ankaopa kuti a Jestina akakangonunkhiza zimenezo, mtima udzathawira ku Ntcheu thupi lisanakwere n'komwe basi.

Chimene a Symon anaiwala n'chakuti ku Seraleng nkhani ya nyanja siyenda yokha, imayenda ndi zigubu. Kumeneko munthu akamapita ku nyanja yamchere, aliyense amafuna amutungireko madzi. A Ziyoni amawafuna pa mapemphero, amayi amati amachiza zidzolo za ana, ena amawaza pakhomo pochotsa minyama. Ndiye tsiku lina a Symon ali koyenda, a Jestina anamva kugogoda. Anali Mma Dinah, chigubu m'manja. Atachoka iwo kunabwera mkazi wa mbusa ndi botolo la mafuta ophikira lotsukidwa bwino. Kenaka mnyamata wa ku Nkaneng, kenaka gogo wina wa Chishangani amene sankamva Chichewa ngakhale liwu limodzi, koma anangoika chigubu chake pansi n'kuwomba m'manja. Pofika masana pakhomo panali ngati pa mjigo.

A Symon pobwera anapeza akazi awo atakhala pakati pa zigubuzo, akusenda anyezi.

“Ndamva kuti ndikupita kunyanja,” anatero a Jestina osadzutsa mutu.

“Aa, Nangozo, ndimati ndikuuzeni zonse zikapsa.”

“Ayi, palibe kanthu. Mma Dinah andiuza kale. Akuti mwina ku Durban, mwina kwina. Mukamaliza kugwirizana ndi a Seraleng onse mundiuze tsiku, ndichapiretu.”

A Symon analowa m'nyumba, n'kutulukanso, n'kunyamuka ulendo wa ku hositelo. Anawapeza a Velile atakhala panja akusoka jombo, ndipo anawakhuthulira zonse: za Willard, za Mma Dinah, za zigubu, mpaka za sutikesi yabuluu imene anali asanauzepo munthu aliyense. A Velile anamvetsera ulusi uli kukamwa. A Symon atamaliza, a Velile anaulavula.

“Hayi, Symon. Iwe ndi amene unandiphunzitsa ntchito. Umati munthu ayambe kugogoda mwala uti?”

“Umene uli pamutu pake.”

“Nanga iwe? Wagogoda mgodi wonse, mpaka kwa ometa. Umene uli pamutu pako sunaukhudze.”

“Ndikuopa mmene ukalirire.”

“Kodi ukapanda kuugogoda umasiya kugwa?”

A Symon anakhala pang'ono, n'kutsanzika.

Mmawa mwake anadikira tiyi athiridwe. Anakonza kukhosi kangapo, mpaka a Jestina anafunsa ngati chifuwa chayambanso.

“Ayi. Ndimati ndikufunseni, Nangozo. Malo alipo awiri. Ine ndasokonezeka. Musankhe ndinu.”

A Jestina anaika kapu pansi. Chikwatiranireni, bamboyu anali atawabweretsera mabulangete, wailesi, makina osokera, ngakhale nsapato zosawakwana, koma funso anali asanawabweretserepo. Mayiwo anakhala tsonga.

“Fotokozani.”

A Symon anafotokoza, ndipo poti ndi munthu wa Mulungu anayesetsa kusakondera, ngakhale Durban anamuthira shuga wochulukirapo. Ananena za nyumba zosanja, za magetsi, za chithunzi. Za kwa a Velile anangoti n'kutali, msewu ndi woipa, magetsi kulibe, koma nyanja akuti ili pafupi.

“Ku Durban tikafikira kwa yani?”

“Kwa aliyense ayi. Tikagona m'basi.”

“Nanga a Velilewo kwawoko kuli ndani?”

“Akazi awo, a Nokhaya. Ndi zidzukulu.”

“Amakhala komweko? Zaka zonsezi?”

“Komweko.”

“Kuno anabwerako?”

“Sanapondeko.”

A Jestina anazunguza kapu pa tebulo.

“Nyumba zosanja ndaziona pobwera, zinandipweteketsa khosi. Ine ndikufuna ndikaone mayi ameneyo.”

Mtima wa a Symon unagwa. Mwala unali utalira, ndipo m'makutu mwawo unalira ngati ng'oma. Koma ukafunsa munthu sungamubwezerenso yankho lake, choncho anangoti, “Chabwino, Nangozo,” n'kupita kukamuuza Willard. Willard anagwira m'chiuno. “Madala, mwasiya Thekwini chifukwa cha mbuzi za Amampondo? Koma chikondi chikafika pa ukalamba n'choopsa!”

Ananyamuka Khirisimasi itayandikira, pa basi yodzaza ndi amuna a mumgodi, pamwamba atamangirira mipando, njinga, malata ndi zigubu za ku Seraleng. Amunawo anaimba njira yonse. Wometa uja sananame za msewu: a Symon anafika ali mbuu, pamene a Jestina ankangodya chimanga chootcha n'kumaloza ng'ombe za eni ake pazenera.

Kwa a Velile kunali pamwamba pa chitunda, nyumba zozungulira zopaka laimu wobiriwira, khola pakati, munda kumunsi. Kuseri kwa mundawo dziko linkangothera m'madzi. A Jestina anaima n'kuyang'ana nthawi yaitali.

“Tsidya lake lili kuti?”

“Akuti kulibe,” anayankha a Symon.

A Nokhaya anali mayi wamfupi, wa mpango waukulu kumutu ndi manja okhakhala ngati a Jestina. Anagwirana chanza, n'kuyang'anana manjawo, n'kuseka onse awiri. A Symon anayesa kumasulira, koma atangoyamba Chifanakalo chawo a Nokhaya anakwinya nkhope. Anauza amuna awo kuti chinenero cholamulirana kumgodi asachimve pakhomo pawo. Kuyambira pamenepo amayi awiriwa anadzionera okha. Mmawa ankatsikira kumunda ndi makasu, wina akuyankhula Chichewa wina Chixhosa, ndipo ukawamvera patali unkati akumvana bwinobwino. Tsiku loyamba lomwelo a Jestina anabwerako atakumbatira nkhwani ngati mwana wakhanda.

A Symon ankaona zonsezo ali pampando, pamthunzi, pambali pa a Velile. Ankaona akazi awo akuseka mmene anali asanasekerepo ku Seraleng, ndipo ankakondwa, komanso ankadziwa kuti zawo zada. Mma Dinah ananena zoona.

Koma a Jestina nawo ankaona zawo. Ankaona a Velile, mwamuna woti kumgodi anyamata ankamupatsa njira, atakhala pakhomo pawo pomwe atavala malaya oyera ngati mlendo wa ukwati. Galu wa pakhomopo ankawauwa. Kamdzukulu kakang'ono kankabisala kuseri kwa agogo ake aakazi iwo akakaitana. Tsiku lina anafuna kukonza chitseko cha khola, koma anazungulira nyumba zonse osadziwa pokhala nkhwangwa, mpaka a Nokhaya anabwera n'kukonza okha, mwaulemu ndithu, n'kuwabweretsera tiyi. A Velile anabwerera pampando paja n'kumayang'ana nyanja.

Madzulo ake a Jestina anawapeza amuna awo ali okha kuseri kwa khola.

“Bambo a Aida, kodi inunso mukabwera kwathu zinkakhala chonchi?”

“Zotani?”

“Za pampandozi.”

A Symon anaseka pang'ono. “Ine wanga unali pansi pa mtengo wa mango uja. Munkandiyalira kansalu.”

“Ine ndinkati ndikukulemekezani.”

“Munkandilemekezadi. Ngati mmene ndikukulemekezerani ine ku Seraleng.”

A Jestina anawayang'ana. Anangowachotsa kaudzu kamene kanakakamira pa phewa la jekete.

Tsiku loti mawa lake abwerera linali la zigubu. Anatsika onse anayi, a Nokhaya akukusa bulu woti adzasenze. Pamchenga anapezapo ng'ombe zitagona, zikubzikula, zikuyang'ana mafunde ngati nazonso zalipira basi. A Jestina anaseka mpaka kukhala pansi. Anati akakanena ku Ntcheu kuti ng'ombe za kuno zimapita kokapuma kunyanja, anthu akati Joni wawasokoneza mutu.

A Symon anapinda buluku, natenga chigubu cha Mma Dinah, nayandikira madzi. Mwachizolowezi anayamba agogoda mchenga ndi ndodo. Mchenga sunalire kanthu. Anaponda, naponda kachiwiri, nawerama kuti atunge, ndipo funde linabwera n'kuwakhazika pansi bwinobwino, chipewa uko, chigubu uko. A Velile anagwira pamimba ndi phwete. A Jestina anathamangira m'madzimo ndi chitenje chomwe, nawagwira mkono n'kuwadzutsa.

“Mwagogoda, yakuyankhani,” anatero akupukuta nkhope ya amuna awo ndi mpango.

Sanawasiye mkonowo. Anaima choncho m'madzi ofika m'mawondo, funde likabwera n'kulimbikira limodzi, likabwerera mchenga n'kumathawa kunsi kwa mapazi. A Jestina anaviika chala n'kulawa, nati amene anathira mcherewu sanali ndi apongozi omulangiza. Zigubu anadzaza awiri, wina kugwira wina kutunga.

Ali pamchenga kudikira kuti zovala ziume, a Nokhaya ananena kanthu kwa amuna awo, a Velile n'kuuza a Symon. A Symon anazengereza.

“Akuti chiyani?” anafunsa a Jestina.

Akanatha kunama, poti womasulira anali iwo. Koma ananena momwe zinalili.

“Akufunsa kuti kwanu mubwerera liti. Akuti iwo chikhalireni sanadyepo ndi amuna awo chimanga chimene anadzala amunawo akuona. Amabwera chitamera, amachoka chisanache.”

A Jestina anayang'ana a Nokhaya, a Nokhaya nawo anawayang'ana. Panalibe chomasulira pamenepo.

“Muwauze kuti ndamva,” anatero a Jestina.

“Nanga za tsikulo ndiwauze chiyani?”

“Muwauze kuti ndamva, basi.”

Pobwerera basi inali chete, amuna aja atasiya nyimbo kwawo. Anafika ku Seraleng Chaka Chatsopano chitadutsa. Eni zigubu anabwera okha osaitanidwa, aliyense n'kunyamula chake. Mma Dinah analawa kaye madziwo kuti atsimikize kuti si a pampopi othira mchere. Willard anabwera kudzaonetsa zithunzi za ku Durban, anthu ali thithithi moti nyanja sinkaoneka n'komwe, ndipo a Jestina anamuyamikira kuti anajambulitsa bwino.

A Symon anadya, anacheza, anaseka ndi alendo, koma diso linali pakona paja. Ulendo unali wabwino, ndipo mumtima anavomereza kuti ngakhale mayiwa apite, masiku amenewa palibe adzawalande. Anaganiza zoti mawa akafunse za basi ya ku Malawi iwo eni, kuti akazi awo asachite kupempha.

Kutacha anadzidzimuka ndi phokoso kuseri kwa nyumba. Linali khasu likumenya dothi louma. Pakama panali iwo okha. Sutikesi yabuluu inali pomwe paja, yotseka. Anavala jekete n'kuzungulira.

A Jestina anali m'kadimba kaja, atamanga chitenje m'chiuno, khasu la Mma Dinah lili m'manja. Udzu umene unamera pamenepo anali atausonkhanitsa kale pambali. Pamwala panali kansalu komanga mfundo, ka mtundu wa mpango wa a Nokhaya, ndipo pomasuka pake pankaoneka nthanga za maungu, zoyera, zonenepa.

“Mwaima ngati mlendo bwanji?” anatero osatembenuka. “Dothi lanuli khasu likukana. Chitsulo chanu cha kumgodi chija chili kuti?”

A Symon anathamangira m'nyumba ngati mnyamata. Mgwala unali kunsi kwa bedi chichokereni ntchito. Anabwera nawo, nauzika m'makande, dothi n'kugamphuka chibuma chachikulu. Anazikanso. Chifuwa chinalira, koma sanachimvere.

“Apa phando limodzi, apo lina,” a Jestina ankaloza ndi phazi. “Motalikirana, maungu amayanga.”

Anagwira ntchito kanthawi. Kenaka a Symon anatsamira mgwala, nayang'ana kumbali, ku mulu wa miyala ya mgodi, ngati funsolo akufunsa muluwo.

“Kodi maunguwa amatenga nthawi yaitali bwanji kuti akhwime?”

“Nkhwani tiyamba kutchola posachedwa. Maungu enieniwo mpaka kuzizire.”

“Nanga Aida?”

“Aida ali ndi mwamuna wake, ndipo amagona pakhomo. Alime.”

A Symon anagwedeza mutu. Ankafuna kufunsanso, koma ankaopa kuwonjeza. A Jestina anawerama, naponya nthanga m'phando, nakwirira ndi chidendene.

“Lalikulu kwambiri tisadzadye msanga,” anatero. “Tidzasunge mbewu ya chaka chamawa. Ndipo kabati yanu ija mukaipukute, muli fumbi.”

A Symon anayankha kuti akaipukuta. Anatembenukira kumbali n'kupukuta kaye m'maso ndi mkono wa jekete, kenaka anazika mgwala pamene phazi la akazi awo linaloza.